Sitolo yanga inali pa intaneti koma Google sinkaidziwa

Mlamu wanga anandiimbira foni kuchokera ku Johannesburg cha m'ma 8 koloko usiku, ine ndikuyeza mpunga m'timatumba. Mayi wina wa kutchalitchi kwawo, Mmalawi mnzathu, ankafuna kugulira makolo ake a ku Area 25 mpunga ndi uchi, alipire ali komweko, ine ndikapereke pakhomo. Mlamu anawauza kuti angosaka pa Google andipeza. Mayiwo anasaka. Analemba dzina la mpunga, anawonjezera Lilongwe, mpaka analemba dzina lenileni la sitolo yanga, koma ayi ndithu.

"Alamu, kodi sitolo ija munatseka?"

Funso limeneli linandilasa mtima. Panali patatha miyezi isanu chitsegulireni sitoloyo, ndipo ndalama yoipangitsira ndinaitapa pa mpamba wa geni.

Geni yangayi ndinaiyamba mu 2020, nthawi ya Covid-19, pamene anthu ankaopa kupita kumsika. Ndimagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, uchi, ufa wa malambe, tsabola wa kambuzi wouma ndi zitenje. Poyamba ndinkangoika zithunzi pa status ya WhatsApp ndi pa Facebook, anthu n'kumalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Koma status imatha pakadutsa maola 24, ndipo amaiona ndi okhawo amene ali ndi nambala yanu. Ndinkafuna kuti ndizipezedwa ndi munthu wosandidziwa, amene watenga foni yake n'kulemba chimene akufuna. Choncho mu Malichi 2023 mnyamata wina anandipangira webusaiti pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, n'kuikamo WooCommerce yoti izigwira ntchito ya sitolo. Inali yokongola, sindinganame. Ndinkaitsegula kangapo pa tsiku kungoiyang'ana. Koma maoda onse amene ankabwera anali a anthu amene ndinawatumizira ndekha linki. Ndinkadziuza kuti zinthu zatsopano zimatero, ziyamba.

Usiku womwewo ndinafunsa mwana wa mchemwali wanga, amene amaphunzira za makompyuta. Anandiuza kuti ndilembe pa Google mawu akuti site, kenako timadontho tiwiri, kenako adiresi ya sitolo yanga, osasiya mpata pakati. Njira imeneyi imaonetsa masamba a webusaiti yanu amene Google inawasunga. Ndinalemba. Sipanatuluke ngakhale tsamba limodzi.

"Azakhali, lowani ku Settings ya WordPress, mupite pa Reading, mundiwerengere zimene zili pansi penipeni."

Pansipo panali kabokosi kokhala ndi chonga, pambali pake palembedwa kuti Discourage search engines from indexing this site. Tanthauzo lake ndi lakuti webusaiti ikupempha Google ndi anzake kuti asaisunge m'kaundula wawo. Opanga mawebusaiti amachonga kabokosi kameneka nthawi imene akumanga, kuti anthu asaone ntchito yosatha, ndipo amayenera kuchotsa chongacho pomaliza. Mnyamata uja anaiwala. Sindimusungira chakukhosi, munthu amaiwala, koma kwa miyezi isanu ndinali ngati munthu amene wamanga golosale, wadzaza katundu, n'kukhoma chikwangwani pamsewu chouza odutsa kuti kuno kulibe kanthu. Ngati muli ndi sitolo ya WordPress, siyani kaye kuwerenga, kaoneni kabokosi kameneko.

Titachotsa chongacho, tinalembetsa sitolo ku Google Search Console, imene imaonetsa mmene webusaiti yanu ikuonekera kwa anthu osaka pa Google. Ndi yaulere, ndipo kwa ine ndi chida choposa zonse zimene ndagwiritsapo ntchito pa nkhaniyi. Google imafuna itsimikize kuti webusaiti ndi yanudi, ndiye imakupatsani kakhodi koti muike. Ife tinaika kudzera m'pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa WordPress) ya Yoast SEO, imenenso imapanga sitemap, womwe ndi mndandanda wa masamba onse a sitolo. Tinapereka mndandandawo ku Search Console, ndipo masamba ofunika kwambiri tinawapempha limodzilimodzi pa URL Inspection ya mu Search Console momwemo, podina Request indexing kuti Google iwasunge. Pasanathe masabata awiri masamba anayamba kuoneka.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Sizinatero. Munthu akalemba dzina la sitolo ankandipeza, koma ndani amalemba dzina la sitolo imene saidziwa? Ndikalemba Kilombero rice Lilongwe, ndinkatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, lachitatu, osadziona. Apa m'pamene ndinayamba kuyang'ana masamba a katundu wanga ndi maso a mlendo, ndipo zimene ndinaona zinandichititsa manyazi.

Tsamba la mpunga mutu wake unali mawu amodzi okha, Rice. Pansi pake panali mzere umodzi wonena kuti ndi mpunga wabwino pa mtengo wabwino. Uchi mutu wake unali Honey 1, wina Honey 2. Zitenje zinali Chitenje A, Chitenje B, mpaka kutsikira m'munsi, zonse ndi mawu ofanana amene ndinawakopera pa sitolo ina yakunja. Ndinkaganiza kuti chithunzi chizilankhula chokha monga zimakhalira pa status. Koma Google imadalira kwambiri mawu kuti idziwe chimene chili pa tsamba. Munthu akalemba kuti akufuna mpunga wa Kilombero wa makilogalamu 5 ku Lilongwe, ine tsamba langa likungoti Rice, pali chifukwa chanji choti Google ilisankhe pakati pa masamba ankhaninkhani a mpunga a dziko lonse lapansi? Ndiponso mawu okopera sakuthandizani, chifukwa Google inawaona kale kwina, ndipo ikapeza masamba ofanana imasankha limodzi n'kusiya enawo.

Chimene chinasintha zinthu si pulagini kapena luso lapadera la kompyuta. Linali kope la masamba 40 limene ndinagula pa golosale. Ndinakhala pansi Loweruka lina n'kutsegula WhatsApp, kubwerera m'mbuyo pafupifupi chaka chathunthu, ndikulemba funso lililonse limene makasitomala anandifunsapo asanagule. Ndinadabwa kuona kuti mafunso ake ndi omwewomwewo. Pa mpunga amafunsa kuti, kodi ndi wa chaka chino? Ndi Kilombero weniweni kapena mwasakaniza ndi Faya kapena Pusa? Ndi wosweka? Muli miyala? Mumabweretsa ku Area 49, ndipo ndi zingati? Pa uchi amafunsa ngati ndi wosathira shuga, ndipo ena amadandaula ukaundana m'nyengo yozizira poganiza kuti wawonongeka. Pa zitenje amafunsa mamita, amafunsa ngati chimasuluka pochapa, ngati ndi cha thonje, ngati chingakwane diresi. Mafunso amenewa ndinkawayankha tsiku ndi tsiku ndi chala changa, munthu mmodzimmodzi, koma pa tsamba la katundu panalibe yankho ngakhale limodzi.

Ndinazindikira kuti munthu amene akusaka pa Google ndi yemweyo amene amandifunsa pa WhatsApp. Nkhawa zake ndi zomwezo, mawu akenso ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Google palibe ine woti ndimuyankhe, ndiye tsamba liyenera kulankhula m'malo mwanga.

Ndinayamba ndi mpunga popeza ndi umene umayenda kwambiri. Mutu wa tsamba, umene umaoneka ndi zilembo zazikulu pa zotsatira za Google, ndinaulemba chonchi: Kilombero Rice 5kg, Mpunga wa ku Karonga, Delivery Lilongwe. Google imadula mutu ukatalika, kawirikawiri ukapitirira zilembo pafupifupi 60, n'chifukwa chake mawu ofunikitsitsa ndinawaika kumayambiriro, dzina la sitolo n'kulisiya kumapeto kapena kulichotseratu. Mawu akuti Karonga sindinawaike mongokometsera. Kilombero ndi dzinanso la chigwa ndi boma la ku Tanzania, m'chigawo cha Morogoro, kumenenso amalima mpunga wambiri. Mukangolemba Kilombero rice, zina zotuluka zimakhala za kumeneko. Kutchula Karonga, Malawi ndi Lilongwe pa tsamba kunathandiza kuti zidziwike kuti wanga ndi uti, ndipo ndikugulitsira anthu a kuti.

Kenako ndinalemba malongosoledwe a mpungawo ngati ndikulankhula ndi mayi amene waima pamaso panga, dzanja lili m'thumba akuupenda. Ndinanena kuti ndi Kilombero wa ku Karonga, wa njere zazitali, wonunkhira, wokololedwa chaka chimenecho. Ndinanena kuti timaupeta ndi kuusankha tisanauike m'matumba, ndipo kuti njere zosweka zilimo pang'ono, chifukwa zilimodi, ndipo kunama kuti mulibe kumangobweretsa mkangano pakhomo pa kasitomala. Ndinatchula makulidwe a matumba, madera a mu Lilongwe amene timafikako tsiku lomwelo, mmene timatumizira ku Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndi njira zolipirira. Pansi pake ndinaika mafunso asanu a m'kope muja ndi mayankho ake achidule. Tsamba limene linali ndi mzere umodzi linakhala ndi ndime zisanu, ndipo munalibe mawu ongodzazira malo.

Pali kachigawo kena kotchedwa meta description, timizere tiwiri timene timaoneka pansi pa mutu pa Google. Sikakweza tsamba pamndandanda, ndipo nthawi zina Google imakasiya n'kutenga mawu ena a pa tsamba lanu. Komabe ndimakalemba, osapitirira zilembo pafupifupi 155, chifukwa ndi kamene kamachititsa munthu kudina inu m'malo modina mnzanu. Ine ndimaikamo zimene ena satchula, monga kubweretsa tsiku lomwelo ndi kulipira pa foni.

Nkhani ya chilankhulo inandivutitsa maganizo masiku angapo. Makasitomala anga amandilembera m'Chichewa, koma Search Console itayamba kuonetsa mawu amene anthu amalemba posaka, ndinaona kuti ambiri akafika pa Google amasinthira ku Chingerezi, kapena amasakaniza. Wina alemba baobab powder Malawi, wina malambe powder, wina ufa wa malambe. Ndinasankha kulemba masamba m'Chingerezi chosavuta, koma dzina la Chichewa la katundu likhalepo pa mutu ndi m'ndime yoyamba, ndiponso pansi pakhale kandime ka Chichewa kolembedwa ndi ine mwini. Sindinafune kudutsitsa tsamba lonse m'makina omasulira, chifukwa Chichewa chake chimamveka kuti si cha munthu, ndipo kasitomala akangomva zachilendo amayamba kukayikira ngakhale uchi womwe. Pa zitenje ndinaphunzira kuti ife timati chitenje, anzathu a ku Zambia amalemba chitenge, a ku Tanzania ndi Kenya amati kitenge, pamene Amalawi ena okhala ku Britain amasaka African print fabric. Sindinawaunjike mayinawa pa tsamba lililonse. Ndinalemba chiganizo chimodzi pa tsamba la gulu la zitenje chofotokoza kuti nsaluyi imatchedwa mosiyanasiyana, basi.

Ndikunena za kusaunjika chifukwa pali amene anandilangiza kuti ndibwereze mawu akuti rice Malawi maulendo makumi angapo pansi pa tsamba, ndi zilembo zoyera zoti munthu asazione. Musachite zimenezo. Malamulo a Google amaletsa kubisa mawu ndi kuwabwerezabwereza mopanda tanthauzo, ndipo tsamba likhoza kutsitsidwa kapena kuchotsedwa. Winanso anandiuza za kudzaza meta keywords, kachigawo kobisika kolembamo mawu amene anthu amasaka, koma Google inalengeza mu 2009 kuti sigwiritsa ntchito kachigawo kameneko poika masamba pamndandanda. Nthawi imeneyo ndi bwino muithere pa kulemba yankho la funso limodzi la kasitomala.

Zitenje zinandidyera masabata atatu, popeza chilichonse chinafunika dzina lakelake. Chitenje A chinasanduka chitenje chabuluu cha maluwa achikasu, cha thonje, mamita 2. Ndinkachitenga m'manja, kuchiyang'ana, kuchigwira, n'kulemba zimene ndikuona: kulemera kwake, ngati mtundu wake ukuoneka mbali zonse ziwiri, ndi zimene telala angasoke nacho. Zina ndinadula kachidutswa n'kuchapa kuti ndione ngati zikusuluka, ndipo zosuluka pa kuchapa koyamba ndinalemba kuti zichapidwe pazokha. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo palibe njira yachidule. Ndinkachita masamba awiri usiku uliwonse ana akagona.

Tsopano zithunzi. Ndinkajambula pa foni n'kuziika pa sitolo mmene zilili, chimodzi cholemera ma MB 4 kapena 5, zisanu pa tsamba limodzi. Kunyumba sindinkaona vuto. Tsiku lina ndili m'minibasi yochokera ku tauni, mayi amene ndinakhala naye anasirira chitenje chimene ndinavala, ndipo ndinamupempha atsegule sitolo pa foni yake. Tinadutsa masiteji awiri tsamba likadali loyera, chithunzi chikutsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba. Mayiyo anatseka n'kunena mwaulemu kuti, "Asisi, bandulo yanga ndi yochepa, ndikaonera kunyumba." Ndinadziwa kuti sakaona. Google nayo imayang'ana tsamba monga limaonekera pa foni, osati pa kompyuta, ndipo muyeso wake ndi wakuti chinthu chachikulu cha pa tsamba chizioneka m'masekondi 2.5. Mukaika adiresi ya tsamba lanu pa PageSpeed Insights, yomwe ndi yaulere, imakuuzani chimene chikuchedwetsa. Kwa ine zinali zithunzi zomwezo, ndi kabokosi kolengeza zotsika mtengo kamene kankaphimba sikirini yonse munthu akangolowa. Kabokosiko ndinakachotsa. Zithunzi ndinazichepetsa pa Squoosh, chida cha pa intaneti chochepetsera zithunzi, n'kuzisunga ngati WebP, mtundu wa fayilo ya zithunzi wopepuka, chilichonse chosapitirira ma KB 200, ndipo ndi maso simungaone kusiyana.

Ndinasinthanso mayina a zithunzizo. Foni imapereka dzina la manambala okhaokha, ine ndinkalemba monga mpunga-wa-kilombero-5kg ndisanachiike. Pali malo enanso otchedwa alt text, pamene mumafotokoza chimene chili pa chithunzi. Amathandiza anthu osaona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga mokweza, ndiponso amathandiza Google kumvetsa chithunzicho. Pa zitenje izi ndi zofunika kwambiri, chifukwa munthu wofuna chitenje sawerenga kaye, amapita pa Google Images n'kusankha ndi maso.

Search Console inandionetsanso vuto limene sindikanalidziwa ndekha. Mpunga ndinaupangira masamba anayi, la 1kg, la 2kg, la 5kg ndi la 10kg, onse ndi mawu ofanana. Ena mwa iwo ankaoneka pa gulu la Duplicate, kutanthauza kuti Google inawaona ngati chinthu chimodzi n'kusankha lokha limene yakonda. Ndinawaphatikiza kukhala tsamba limodzi, kasitomala n'kumasankha kulemera pomwepo. Maadiresi akale sindinangowafufuta. Ndinagwiritsa ntchito pulagini ya Redirection kuika chimene amachitcha 301, chimene chimatumiza munthu ndi Google ku adiresi yatsopano, kuti amene anasunga linki yakale pa WhatsApp asagwere pa tsamba losowa.

Phunziro limeneli ndinali nditalilipira kale pa uchi. Uchi utatha, ndinafufuta tsamba lake poganiza kuti ndikukonza m'sitolo. Linali litayamba kuoneka bwino pa Google, ndipo nditalipanganso uchi utabwera, linayambira pansi ngati lachilendo. Panopa katundu akatha ndimangosintha kuti Out of stock, n'kulemba mwezi umene ndikuyembekezera wina, ndi nambala yoti munthu andiuze kuti ndimusungire. Ife ogulitsa zakumunda izi n'zosapeweka, chifukwa katundu wathu amayendera nyengo. Mpunga watsopano umayamba kufika pakati pa chaka, ndipo tsamba lake liyenera kukhala lamoyo chaka chonse.

Mitengo ndiyo inandiika m'madzi kawiri. WooCommerce imatumiza yokha kwa Google zizindikiro zobisika za katundu, monga dzina, mtengo, mtundu wa ndalama, ndi ngati alipo kapena watha. Zimenezi ndi zimene zimachititsa kuti mtengo nthawi zina uoneke pansi pa mutu pa zotsatira. Nditayesa tsamba la mpunga pa Rich Results Test, chida cha Google choonetsa zizindikiro zobisikazo, ndinaona kuti pa mtundu wa ndalama palembedwa USD. Sitolo inasiyidwa pa dola ya ku America, n'kungosintha kachizindikiro kuti anthu aziona MK. Munthu ankaona makwacha, Google inkawerenga madola masauzande angapo pa thumba limodzi la mpunga. Kukonza kwake kunali kosavuta, kungosankha Malawian kwacha pa Settings za WooCommerce kuti pazilembedwa MWK, koma popanda kuyesa sindikanadziwa.

Kachiwiri kanali mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zonse zinakwera, thiransipoti, matumba, zitenje zochokera kunja. Ndinakweza mitengo pa sitolo, koma pa masamba ena ndinali nditalemba mtengo m'kati mwa meta description ndi m'ndime, ndipo ndinaiwala kusintha. Bambo wina anaimba atakwiya ndithu. "Mayi, pa Google mwalemba mtengo wina, pano mukunena wina, mukufuna kutibera?" Ndinapepesa ndipo ndinawagulitsa pa mtengo umene anaona, chifukwa kulakwa kunali kwanga. Kuyambira pamenepo mtengo ndimaulemba malo amodzi okha, m'bokosi lake la mtengo, ndipo ndikausintha pa katundu woyenda kwambiri ndimapempha Google ibwerenso kudzaona tsambalo kudzera pa URL Inspection. M'dziko limene mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, mtengo wolembedwa pa mutu wa tsamba ndi msampha.

Sitolo itayamba kuoneka, mauthenga a anthu olonjeza zozizwitsa anayambanso kubwera. Wina anati ndimupatse ndalama andiike pa nambala 1 m'sabata imodzi, pondigulira malinki mazanamazana ochokera m'mawebusaiti akunja. Google yomwe imachenjeza kuti palibe amene angakutsimikizireni malo oyamba, ndipo kugula malinki n'cholinga chokwera n'koletsedwa m'malamulo ake. Ndinakana. Malinki ochepa amene ndili nawo ndi a anthu enieni: telala amene amasoka zitenje zanga anaika adiresi yanga pa tsamba lake, ndipo mayi wina wolemba za maphikidwe anatchula kumene anagula mpunga. Ndemanga nazo sindilemba ndekha kapena kupempha abale. Katundu akafika, mawa lake ndimatumiza uthenga wothokoza ndi linki, n'kupempha kasitomala alembe mmene waonera. Ambiri salemba. Ochepa amene amalemba amagwiritsa ntchito mawu amene ine sindikanawaganiza, monga mayi amene analemba kuti fungo la mpunga linafika kwa aneba. Ndemanga ina inadandaula kuti tinachedwa kubweretsa, ndipo ndinaisiya pomwepo n'kuyankha pansi pake, chifukwa zinali zoona. Ndinatsegulanso Google Business Profile, imene imathandiza kuti muoneke pa mapu munthu akasaka katundu pafupi ndi pamene ali.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo miyezi iwiri yoyambirira ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Ndinkatsegula Search Console m'mawa uliwonse n'kupeza kuti anthu akundiona pa zotsatira koma sakudina, popeza ndinali kutali m'munsi. Masamba amene anayamba kukwera si a mawu akuluakulu ngati rice kapena honey, amenewo mpaka lero ali m'manja mwa masitolo akuluakulu. Anali a mawu ataliatali, a munthu amene akudziwa chimene akufuna, monga mpunga wa Kilombero wobweretsa pakhomo ku Lilongwe, kapena chitenje cha thonje cha mamita 2. Anthu osaka choncho ndi ochepa, koma ndi amene amagula. Oda yoyamba ya munthu wosandidziwa n'komwe inabwera Lachitatu lina masana, matumba awiri opita ku Area 18. Nditafunsa kuti anandidziwa bwanji, anangoti, "Ndinasaka pa Google, inu ndi amene munalemba kuti mumabweretsa." Chakumapeto kwa chaka mayi a ku Johannesburg aja anaodanso za Khirisimasi za makolo awo, ulendo uno osadzera kwa alamu.

Masiku ano Lolemba lililonse m'mawa, ndisanayambe kulongedza, ndimatsegula Performance mu Search Console n'kuwerenga mawu amene anthu anasaka. Imasunga mbiri ya miyezi 16, choncho ndimatha kufananitsa Disembala uno ndi wathawo n'kudziwa zoti ndipikule msanga. Ndimayang'ana kwambiri mawu amene ndikuoneka nawo pa malo a pakati pa 8 ndi 20 pamndandanda wa zotsatira, chifukwa amenewo ndi masamba amene atsala pang'ono, ongofuna kuwonjezera yankho limodzi kapena kukonza mutu. Kumeneko n'kumene ndinaona kuti anthu angapo akusaka kaphikidwe ka mpunga wa Kilombero, ambiri a iwo ali kunja kwa dziko. Ndinawonjezera ndime ya mmene mayi anga amauphikira, kuutsuka mpaka madzi ayere, kuuthira m'madzi owira kale okhala ndi mchere ndi timafuta pang'ono, kuchepetsa moto madzi akangouma, n'kuvundikira osatakasa. Ndinaikanso linki yochokera pa ndimeyo kupita pa tsamba la tsabola wa kambuzi, chifukwa ogula mpunga ambiri amatenganso tsabola.

Tsamba la kambuzilo ndi limene ndikulikonza sabata ino. M'kope muja muli mafunso atatu amene sindinawayankhebe pa tsamba: ngati ndi wopera kapena wathunthu, nthawi imene amakhala osawonongeka, ndi ngati angatumizidwe ku South Africa pa basi. Awiri oyambawo ndalemba kale. Lachitatuli ndikudikira ndifunse kaye a pa depoti amene amanyamula katundu wopita kumeneko, kuti ndilembe zimene iwo amaloladi.